Mphika Wanga Unalibe Njere

Esinati, khala apa ndi kope lako. Foniyo uyike m'thumba, mawu anga sangakwane m'kanthu kakang'ono ngati kameneko, kakhoza kung'aluka. Ulembe monga ndikunenera, usakonze. Ine sukulu ndinalekezera pomwe aphunzitsi anayamba kufunsa mafunso ambiri, koma kuyankhula sindinabwereke kwa munthu. Enanu senderani kuno kumthunzi. Yamikani, musiye galuyo, sanakulakwire.

Dzulo wailesi itanena kuti mayiko akusankha oweruza a bwalo lija la kutsidya kwa nyanja, loweruza anthu ozunza anzawo pa nkhondo, ndinakumvani mukuseka. Esinati, poti ndiye akuphunzira zamalamulo, anatimasulira. Akuti dziko lililonse lomwe linalowa m'pangano limatha kutumiza dzina la munthu, wodziwa malamulo, wopanda mbiri yonunkha. Kenako nthumwi za mayiko zimavota mwachinsinsi. Akuti sikuti ukaposa mnzako ndi voti imodzi ndiye wadutsa, iyayi, pamafunika mavoti ochuluka ndithu, ndiye amabwereza, kubwerezanso, mpaka matako kuwawa pamipando. Akutinso amayang'ana kuti oweruzawo asachokere chigawo chimodzi, ndipo pakhale amayi ndi abambo omwe.

Iwe Yamikani unati, "Agogo, zimenezo n'zotaya nthawi. Akuluakulu amagulana mavoti, ndipo wamfuti zambiri sagwidwa."

Ine ndinakhala chete. Munadabwa, ndinakuonani, chifukwa ine kukhala chete n'chimodzimodzi sitima kudutsa pa Nkaya osalira. Ndinkaganiza. Ntchito yosankha oweruza a milandu ya nkhondo ine ndinaigwirapo, ana inu. Osati kutsidya kwa nyanja yamchere, koma m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, wopanda nsapato. Ndipo pa chisankho chimenecho panakolekedwa moyo wa munthu. Munthuyo ndi agogo ako a Mariyano, Yamikani, omwe amakudulirani nzimbe mukapita ku Ngokwe. Ine ndinkafuna amizidwe m'nyanja.

Tseka pakamwa, ntchentche zilowa. Ndinawafunsa mwezi wathawu ngati ndingakuuzeni. Anati, "Auzeni zonse, Che Hutala, osabisa yanga, osabisa yanu. Koma musakuwe."

Dzina la Hutala sindinabadwe nalo. La ubatizo ndine Pitala. Ili ndinalitola pa njanji, pompano pa Nkaya, ndili ndi ndevu zitatu zokha, poti mawu anga ankalira ngati hutala ya sitima. Kalelo chitsulo cha njanji sichinkanyamulidwa ndi makina ngati mukuonera lero. Tinkachinyamula anthu, chigulu, ndipo pankafunika mmodzi woyambitsa nyimbo kuti onse adzutse nthawi imodzi. Woyambitsa akaphonya, chitsulo chinkadya zala za munthu. Woyambitsayo ndinali ine. Ndikatsegula kukamwa pa Nkaya, a ku Utale ankadziwa kuti ntchito yayamba. Masana tinkadya makaka a chinangwa ophika ndi nandolo m'chitini cha mafuta, tiyi wa m'chikombe chimodzi anthu anayi. Inu a tchipisi mukanalira tsiku loyamba. Makaka amafuna mano ndi ulemu.

Kapitawo wathu anali ndi lamulo lomwe linkandinyansa. Ukamanga mabawuti, wopita ndi hamala kukagogoda ngati agwira sunkakhala iwe, ankatuma wina. Tsiku lina ndinamufunsa, "Kodi a kapitawo, simundikhulupirira?" Iye amvekere, "Mkono wako ndimaukhulupirira, Hutala, khutu lako ndiye iyayi. Bawuti yomanga wekha imalira bwino nthawi zonse." Mawu amenewa muwasunge, tikawapeza kutsogoloku.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, sitima zinasiya kuwoloka malire, ntchito inachepa, ndipo ine ndinatenga chipewa changa cha njanji n'kutsatira agogo anu aakazi, malemu, kwawo ku Ngokwe. Lero mumakwera njinga yamoto, kufika musanamalize chingamu. Ife tinkatsika sitima n'kuyenda wapansi mpaka dzuwa kupendeka, mphasa kumutu, nkhuku m'khwapa. Kumeneko ndinalima thonje ngati mkamwini wabwino, ndipo nthawi yopuma ndinkalowa m'bwato kukavuula makumba ndi milamba. Asodzi sankandikonda m'bwato. Ankati ndikapereka moni nsomba zimathawira ku Mozambiki.

Anthu othawa nkhondo ankabwera powoloka nyanja yomweyo. Wina mphika kumutu, wina mwana kumsana ndi wina m'manja, wina wopanda kalikonse koma nsalu yomwe wavala. Sanali alendo enieni. Chiyankhulo n'chomwechi, Chiyao, Chilomwe, Chinyanja, ena ndi abale a apongozi athu. Tinawagawira malo, tinawabwereka makasu. Pakati pawo panali amayi awiri omwe muyenera kuwadziwa. Oyamba ndi Mai Losaliya, mzamba, aafupi ngati mtondo, oyankhula motsitsa moti ine ndinkachita kuwerama kuti ndimve. Achiwiri ndi Abiti Ndala. Iwowa anafika okha. Amuna awo anaphedwa, nyumba inatenthedwa, mwana wawo wamkazi, Asiyatu, anatengedwa ndi asilikali.

M'mwezi wa mvula, msewu wopita ku Boma utaduka, m'mawa wina padoko panafika bwato. Munatsika munthu wowonda, mapewa ali zilonda zokhazokha chifukwa chosenza katundu. Abiti Ndala anali pomwepo, akusankha matemba. Anagwetsa lichero. Sanakuwe. Anangoloza n'kunena kuti, "Ndi uyu. Ndi amene anawatsogolera kwathu. Ndi amene anayatsa nyumba yanga."

Wokuwa ndinali ine. Anthu atamugwira n'kumumanga ndi chingwe cha khoka, ndinakwera pa bwato lovundikira n'kunena kuti, "Mwala m'khosi, apite pakati pa nyanja, milamba imuweruze." Ndipo khamu linavomera ngati mmene ankavomerera anzanga pa njanji. Mawu anga anali otero, akadzutsa chitsulo amadzutsanso anthu.

Amene anatchinga ndi Shehe Amidu, nkhalamba yosoka makhoka pomwepo padoko. Anaima pakati ndi singano yawo m'manja nati, "Ngakhale mbuzi timaipatsa madzi tisanaizinge. Munthu saphedwa asanamveke." Anthu ankawaopa a Shehe chifukwa maliro ambiri a padoko ankasambitsa ndi iwo. Ndiye munthu uja anatsekeredwa m'shedi yosungiramo thonje.

Tinafunsa mphunzitsi wina wodziwa za boma kuti tipite naye kuti. Iye anati makhoti a kuno amaweruza zochitika kuno. Zochitika kutsidya n'za kutsidya, ndipo kutsidyako nthawi imeneyo khoti inali mfuti. Mukumva, ana inu? Mlandu ulipo, mboni ilipo, woimbidwa mlandu alipo, bwalo palibe. N'chifukwa chake dzulo inu mukuseka ine mtima unali kwina. Ife bwalo lotero tinalisowa, tinachita kuliumba ndi manja.

Vuto linali lakuti aweruze ndani. Padoko panali magulu atatu. Alimi a thonje, eni nthaka, ambiri a tchalitchi. Asodzi, ambiri a ku mzikiti. Ndi obwera aja. Alimi ankati obwera adzakondera mnzawo, obwera ankati alimi sadziwa fungo la nkhondo, asodzi ankati onsewa ndi anthu a pamtunda. Tinakangana mpaka tinagwirizana kuti gulu lililonse lipereke mayina awiri, ndipo pa anthu asanu ndi mmodziwo tisankhepo atatu. Abiti Ndala anawonjezapo chimodzi kudzera mwa a Shehe. Anati pali zina zomwe zinachitikira amayi a kwawo zomwe sangazinene pamaso pa amuna okhaokha. Ndiye tinapangana kuti pa atatuwo pasalephere mzimayi, akalephera tibwereze. Waona, Esinati? Za m'mabuku akozo ife tinazipeza patsinde pa mkuyu.

Alimi anapereka dzina langa. Kunena zoona ndinalipereka ndekha, ndipo panalibe wa mapapo oti n'kunditsutsa.

Njira yosankhira yomwe tinkaidziwa inali imodzi, yoima kumbuyo. Wopikisana amaima kutsogolo, omufuna amandanda kumsana kwake, wina n'kumawerenga mitu. Ndi mmene tinkasankhira a komiti ya tchalitchi, a padoko, a chipani, onse. Tsikulo ndinavala chipewa changa cha njanji, ndinauza agogo anu aakazi kuti agwiriretu tambala wa chikondwerero. Nditaima, mzere wanga unayambira pa mkuyu mpaka omalizira mapazi anali m'madzi. Anzanga asanu aja, wina anthu atatu, wina awiri. Mai Losaliya, omwe dzina lawo linaperekedwa ndi obwera, kumbuyo kwawo kunalibe ngakhale nkhuku. Obwera ambiri sanaime paliponse, anangounjikana pambali maso pansi.

A Shehe asanayambe kuwerenga, Mai Losaliya anachoka pamalo pawo n'kudzaima patsogolo panga. Ananjuta pang'ono mwaulemu.

"Che Hutala, pepani, ndifunse nawo. Munthu watsekeredwa mu shediyu dzina lake ndani?"

"Dzina lake ndi chigawenga," ndinatero.

"Limenelo ndi lomwe anamupatsa amayi ake?"

Kumbuyo kwanga wina anatsokomola kubisa phwete.

"Nanga tsiku lomwe mudzi unapsa munalipo, bambo?"

"Sindinalipo, koma ndamva."

"Mwamva mbali zingati?"

Ndinangokonza chipewa pamutu. Iwo anatembenukira kwa a Shehe.

"A Shehe, ngati oweruza ndi awa, tisadzivute kukhala padzuwa. Chigamulo ananena kale dzana, a ku Nayuchi anachimva. Ndiponso taonani anthu anga. Sakuima paliponse chifukwa m'khamu muno sitidziwa amene mawa awoloke kukanena kuti uje anaima kumbuyo kwa uje. Abale athu akadali kutsidya. Awa aima kumbuyo kwa bambowa, ena akuwafunadi, koma ena akungoopa kukuwiridwa dzina pamsika."

Apa ndiye mawu anandibwerera. Ndinati, "Mayi, sankhani njira iliyonse yomwe mukufuna. Kaya m'madzi, kaya pamtengo. Mzere wanga ndi womwewu, anthu amandikonda."

Tinagwirizana zosankha mwachinsinsi, koma za mapepala sizikanatheka. Ambiri tinali anthu a chidindo cha chala, ndipo ukapempha wina kuti akulembere ndiye chinsinsi chatha. Wina anati titenge miphika isanu ndi umodzi, uliwonse tiumange nsalu kukamwa n'kuboola kabowo kakang'ono, tiyiike m'kanyumba ka a Shehe kosungiramo makhoka, munthu azilowa yekha n'kuponya njere ya chimanga mu mphika wa yemwe akumufuna. Tinayeserera. Woyamba ataponya, tonse panja tinamva kuti ngwe, ndipo mayi wina woumba mbiya anati, "Umenewo ndi wachitatu kuchokera kukhomo, ndinaumba ndine." Tinaseka, koma nzeru inafera pomwepo.

Anatipulumutsa ndi mlimi wina wosayankhulayankhula. Anapisa m'thumba natulutsa njere ya thonje. Inu mumangoona thonje pa lole likupita ku Balaka, njere yake simunaigwirepo. Imakhala ndi ubweya. Anaiponya mu mphika, woumba mbiya anatchera khutu mpaka kutsinzina, osamva kanthu. Njere ya thonje imagwa ngati mphaka.

Pa mphika uliwonse tinaikapo chizindikiro cha mwini wake, poti mayina sitikanawerenga. Pa wa Mai Losaliya anamangapo duku lawo. Pa wa msodzi wina wachibwibwi, kachingwe ka mbedza. Pa wanga, chipewa cha njanji, choti ngakhale wakhungu akanachizindikira ndi fungo. A Shehe anati adzakhala pakhomo, aliyense adzaonetsa zikhatho kuti sanabise njere zake, adzalandira imodzi, adzalowa yekha. Tinapatsana masiku atatu.

Yamikani, unati akuluakulu amagulana mavoti. Usaganize kuti zinayamba ndi a masuti. M'masiku atatu amenewo agogo ako ano anayenda khomo ndi khomo ndi dengu la matemba. Paliponse ndinkasiya mbale yodzaza, paliponse ankati, "Che Hutala, musadandaule, njere yanga ndi yanu." Anthu obwera, asodzi, alamu anga, onse analonjeza. Ndikawerenga malonjezo, miphika inayo inayenera kukhala yopanda kanthu.

Tsiku litakwana anthu analowa mmodzimmodzi, obwera omwe, palibe anatsala. Ine ndinalowa chakumapeto. Dzuwa litafika pamutu a Shehe anayala mphasa, anamasula nsalu, n'kuyamba kukhuthula. Wa Mai Losaliya unatulutsa mulu, ngati akufuna kudzala munda. Wa msodzi wachibwibwi, mulu wocheperapo. Awiri ena anafanana ndendende, moti pambuyo pake tinachita kubwereza kuti tipeze wachitatu, ndipo anadutsa mkulu wina wa mpingo. Wanga unali womalizira. A Shehe anachotsa chipewa changa mwaulemu, anamasula nsalu, anazondotsa mphika. Zii. Anaugogoda kumatako. Munatuluka mphemvu imodzi, n'kuthawira pansi pa mphasa.

Kuseka kwake sindinakumveponso, ngakhale pa ukwati. Amayi anagwa pansi. Mlamu wanga, yemwe anadya mbale ziwiri za matemba anga, anapukuta misozi n'kufunsa, "Alamu, ngakhale yanu yomwe?" Ine ndinati m'kanyumbamo munali mdima, ndinasokoneza miphika. Anasekanso kuposa poyamba. Kuyambira tsiku limenelo ndikakweza mawu pa msonkhano, wina kumbuyo ankangoti, "Mphika wopanda njere umalira kwambiri." Kunyumba ndinapeza agogo anu aakazi ataphika kale tambala uja. Anandiikira n'kunena kuti, "Idyani, bambo. Mwina nyama ikatsekako kukhosiko."

Mlandu unatenga masiku atatu patsinde pa mkuyu. Funso loyamba la Mai Losaliya linali la dzina. Ndi pamene ndinamva kuti munthuyo ndi Mariyano, mlimi wa mapira, wa zaka zochepa kwa ine. Msodzi wachibwibwi uja anakhala woweruza wabwino mosayembekezeka. Funso lake linkatenga nthawi kuti lituluke, ndiye anthu ankazizira mitima podikira. Tsiku lachiwiri Mai Losaliya anatenga Abiti Ndala ndi amayi ena kupita nawo kuseri kwa bango, amuna tonse tinatsala. Zomwe ananena kumeneko sindinazimve mpaka lero, ndipo si zanga.

Musaganize kuti agogo anu a Mariyano anapezeka osalakwa. Iyayi. Anafotokoza kuti asilikali anawagwira m'munda, anawasenzetsa katundu, anawauza kuti awatsogolere kumudzi komwe kuli chakudya. Nyumba ya Abiti Ndala anayatsadi ndi dzanja lawo, mfuti ili pamsana. Amuna a Abiti anawawombera ndi wina, zimenezo Abiti omwe anavomereza. Mkulu wa mpingo anali pafupi kunena kuti munthu wokakamizidwa alibe mlandu. Koma Mai Losaliya anafunsa, motsitsa muja, "Mariyano, pali china chomwe sitinakufunse?"

A Mariyano anati, "Panali mphambano. Njira ya kumanja inkapita kwa amayi anga. Ya kumanzere inkapita kwa mayi awa. Asilikali sankadziwa njira. Ndinasankha ndine."

Palibe akanadziwa zimenezo akanapanda kunena okha. Aliyense ankadzifunsa kuti pa mphambano imeneyo phazi lake likanalowera kuti.

Atatu aja anakambirana paokha, n'kubwera ndi chigamulo. Mariyano saphedwa, koma sachoka wopanda katundu. Atchule pagulu mayina a onse omwe anawaona akuphedwa kapena kutengedwa, ndi malo omwe anawasiya, mphunzitsi alembe. Amangire Abiti Ndala nyumba, aziwalimira munda mpaka nkhondo idzathe, osaponda pakhonde pawo. Ndipo njira ikadzatseguka, adzawoloke kukalozera manda ndi kukafunafuna Asiyatu.

A Shehe anafunsa Abiti ngati akhutira. Iwo anati, "Kukhutira iyayi. Koma ndamveka."

Nkhondo itatha agogo anu a Mariyano anawoloka katatu. Ulendo woyamba analozera pomwe panagona amuna a Abiti, ndipo sadaka inachitika monga mwa Chisilamu. Wachiwiri anabwerako chimanjamanja. Wachitatu anabwera ndi Asiyatu, ali mayi wamkulu, mwana kumsana. Njira yomwe asilikali anadzera ndi mwanayo ankaidziwa ndi munthu mmodzi yekha padoko lonse, yemwe ine ndinkafuna kumupatsa milamba. Abiti Ndala sanawagwirepo chanza a Mariyano mpaka kumwalira kwawo, ndipo palibe anawakakamiza. Koma chaka chilichonse akakolola ankatumiza lichero la mtedza, osanena kuti lachokera kuti.

A Mariyano anakwatira konkuno. Mwana wawo woyamba anabadwira m'manja mwa Mai Losaliya. Mwana ameneyo atakula, mwana wanga wotsiriza anamuona kuchitsime n'kuiwala njira ya kwawo. Ndiwo amayi ako, Yamikani. Ndipo mlongo wako Losa uyu wakhala apayu, dzinalo mukuganiza kuti tinalitola kuti?

Tsopano, Esinati, sintha tsamba. Izi sindinauzepo munthu, ngakhale agogo anu aakazi anapita osazimva kuchokera pakamwa panga.

M'kanyumba muja munalibe mdima. Denga linali lobooka, chitseko chinali cha bango, ndipo mphika wanga unali woyamba pakhomo penipeni, chipewa changa chili poyera. Ndinalowa njere ili m'manja, dzanja likupita kale ku chipewa. Ndiye ndinaona kuti ndili ndekha. Moyo wanga wonse ndinali ndisanakhalepo pamalo popanda wondimvera. Panalibe woti avomere nyimbo. M'mutu munabwera funso lija, lakuti dzina lake ndani. Masiku atatu ndinayenda ndi matemba khomo ndi khomo, kudutsa pa shedi kangapo, osaima n'kamodzi komwe kufunsa. Kenako anabwera kapitawo wanga wa pa Nkaya ndi hamala yake. Bawuti ya mlanduwu ndinali nditamanga kale ndekha, pamwamba pa bwato, pamaso pa anthu. Tsopano ndinkafuna kukaigogodanso ndekha. Ikanalira bwino, ana inu. Ikanalira bwino kwambiri, ndipo munthu akanamira.

Ndinadutsa chipewa changa. Ndinaponya njere pansi pa duku.

Ndinatuluka ndikuganiza kuti zilibe kanthu, njere imodzi sidzaoneka pa mulu wanga. Sindinadziwe kuti doko lonse laganiza chimodzimodzi. Mlamu wanga atandifunsa, ndinaona kuti kusekedwa ngati chitsiru n'kopepuka kusiyana ndi kuvomera pagulu kuti kamayi kaja kandigonjetsa ndi mafunso atatu. Ndiye ndinanamizira mdima, zaka zonsezi. Mmodzi yekha sanapusitsike. Tsiku lomwe tinkapereka dzina kwa Losa, Mai Losaliya, atakalamba zedi, anandikodola kuti ndiwerame. Anandinong'oneza kuti, "Che Hutala, miphika ija ndinaindandalika ndine. Wanu ndinauika powala."

Ndiye iwe Yamikani, za bwalo lakutalilo sindikudziwa zambiri. Mwina amagawanadi matemba awo kumeneko. Mwina wamfuti zambiri achedwa kugwidwa. Koma ndamva kuti amaponya mwachinsinsi, amabwereza osatopa, amasiyira malo amayi, ndipo wokuwa kwambiri si amene amangokhala pampando. Anthu amene afika pamenepo ndi anzathu, akudziwa zomwe tinadziwa ife pa mkuyu. Mayi wina kwinakwake, yemwe nyumba yake ikupsa lero, ali ndi khomo loti akagogode. Abiti Ndala analibe. Ndipo iwe Esinati, ukadzamaliza sukulu dziko n'kudzatumiza dzina lako, usadzayende ndi dengu. Udzayambe wafunsa munthu dzina lake.

Walemba? Werenga pomalizirapo ndimve ngati sunakonze. Ulembenso kuti Pitala Hutala, woyambitsa nyimbo pa njanji ya Nkaya, anapikisanapo kamodzi m'moyo wake, sanapeze voti ngakhale imodzi, ndipo ndi chisankho chokhacho chomwe amachinyadira.

Mukapita ku Ngokwe sabata yamawa mukawauze agogo anu a Mariyano kuti ndanena zonse, ndipo sindinakuwe kwambiri. Losa, bwera ukhale pamwendo apa. Yamikani, imirira ndikuone kutalika. Thonje ndalima zaka zambiri, ana inu, koma njere imodzi yobereka chonchi sindinaionepo.